Tenti ya Lole Ija

Amayi, kukucha bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Perth tilipo. Ino ndi nyengo yozizira, ndipo mvula ya kuno imagwa nthawi ya chisanu, zomwe mpaka lero thupi langa likukana kuzolowera. Chaka chadutsa chikuikireni m'manda, koma ndikamachokera kumgodi ndimapezekabe nditagwira foni kuti ndikuuzeni kuti ndatsika bwino ndege.

Kumudzi, mlongo wanga Eluby akuti chimanga chachita bwino kumunda wa kudambo kuja, koma mtedza wangobala makoko. Mbuzi yanu yamawanga yaswa mapasa. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja, ndipo alamu akuti alikonza mvula isanayambe, monga ananenera chaka chatha. Kuno sitima tsopano ikufika ku Ellenbrook kwathu, moti mdzukulu wanu Takondwa akupita yekha m'tauni. Watalika kundiposa. Ndikamulankhula Chichewa amamva zonse, koma amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mpongozi wanu Misozi anachira bwinobwino mwezi watha, watipatsa mwana wamkazi. Chipumi ndi chanu, ngakhale kakwiyidwe. Poti amayi ake a Misozi anatisiya kale ku Lusaka, inunso mwapita, tinaitanitsa ang'ono anu, amayi aang'ono aEsinala, kuti adzasambitse mwana ndi kumutcha dzina m'malo mwanu. Apa m'pamene pali nkhani yomwe ndakhala ndikuizungulira chiyambire kalatayi. Ndili ndi manyazi, Amayi, ndipo sindikudziwa poyambira.

Ndiyambire pa lole ija. Munkanena kuti ine ndinabadwa ndi sipanala m'manja, kuti ndikanakhala ndi mpata ndikanamasula ndi azamba omwe. Simunaname. Kumgodi ndimakonza zimagalimoto sabata yonse, koma ndikabwera kudzapuma ndimathamangiranso ku zitsulo. Ku Malaga, dera la mafakitale, tili ndi shedi yomwe timabwereka ndi madala angapo a kuno, anthu okonda kuukitsa magalimoto akale a asilikali. Yanga ndi lole yaing'ono yomwe ndinaipeza ikuwola pafamu ina, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Munapita ilibe ndi matayala omwe. Tsopano injini imalira ndi kupotokola kamodzi, penti wobiriwira uja ndinapaka ndekha, ndipo kumbuyo ndinabwezeretsa mabenchi awiri oyang'anizana aja. Chomwe chinandivuta kupeza ndi tenti yofunditsa kumbuyoko. Sindinkafuna yosokedwa dzulo, ndinkafuna yeniyeni yakale, yonunkha fumbi ndi mafuta. Nditaipeza, mdala wina wa m'gulu lathu, dzina lake Trevor, anandigwira chanza ngati ndakhoza mayeso.

Tsiku lomwe amayi aang'ono ankafika, Misozi anati nditenge galimoto yathu ya masiku onse. Ine ayi, ndinkafuna kushaina. Ndinavala malaya a khaki ndi chipewa chomwe timavala pa zionetsero za magalimoto akale, jombo nditapolisha mpaka kumadzionerapo nkhope. Bambo wa imvi m'ndevu, kudzikongoletsa ngati mwana wa sukulu pa tsiku la zisudzo.

Anatuluka pabwalo la ndege atatopa, juzi pamwamba pa juzi inzake, koma akuseka. “Wanenepa iwe, akukudyetsa chiyani Azungu?” anatero. Anayang'ana malaya anga aja, kuseka kunachepako, koma ine sindinalabadire. Titafika poimika magalimoto ndinawatsegulira chitseko cha kutsogolo, kenako ndinamenya chitsulo cha m'mbali kawiri ndi chikhatho, monga ndimaonera m'mafilimu, n'kunena mwanthabwala kuti, “Kwerani, tizipita!”

Anaika chikwama pansi. Sanapite kuchitseko chomwe ndinatsegula. Anazungulira kumbuyo, ndipo mayi wa mawondo ovuta uja anakwera yekha n'kulowa mu tenti. Sanakhale pabenchi. Anakhala pansi pakati pa mabenchi, mutu pa mawondo, manja pankhongo.

Amayi, ine ndinaseka. Ndinaganiza kuti ndi manyazi achimudzi, kuti akuona ngati kutsogolo n'kwa mabwana. Ndinatulutsa ndi foni yomwe kuti ndiwajambule, ndimutumizire Eluby tisekere limodzi. Nditayandikira m'pamene ndinaona kuti chitenje chikunjenjemera. Ndinawaitana, ndipo anayankha osadzutsa mutu, ndi mawu omwe sindinawamvepo chibadwire. “Abwana, sitikudziwa kumene ali. Tanena kale, sitikudziwa.”

Ndinavula chipewa chija, ndinawatsitsa pang'onopang'ono, tinakwera takisi. Lole ndinaisiya pomwepo. 

Kunyumba anamulandira mwana ndi manja awiri. Ankamusambitsa, kumuwongola miyendo, kumuphikira Misozi phala, zonse monga mukanachitira inu. Koma ine ndikangolowa m'chipinda ankaimirira n'kupita kukhoma. Pondipatsa madzi ankagwada. Mayi amene anandiberekapo kumsana, amene anandikwapulapo chifukwa choba nzimbe, ankandigwadira n'kumanditchula kuti abwana. Ndikakhala patebulo iwo sankadya. Za dzina la mwana sanatchule n'komwe, chonsecho a boma kuno safuna mwana akhale nthawi yaitali wopanda dzina.

Misozi anandikokera kugalaja ndi Chinyanja chake cha ku Lusaka chija. “A Yami, mwabachita chani ba auntie? Bakamba ati tichinje ticket, bafuna kubwelela. Na mwana akalibe zina.” Zoonadi, mwana anali asanatchedwe dzina. Ndinali nditakaitenga kale lole n'kukaitsekera ku Malaga, malaya a khaki nditaponya pansi pa sutikesi, koma sizinathandize. Ndinaimbira abwana anga enieni kumgodi kuti sindikwera ndege sabata imeneyo.

M'mawa wina ndinawapeza ali pampando kukhitchini akusankha nyemba zomwe anabwera nazo. Ndinakhala pansi pa matailosi, pafupi ndi mapazi awo, kuti mutu wanga ukhale m'munsi mwa wawo. Ndinati, “Amayi, ndine Yamikani, mwana wa akulu anu. Ndalakwa, koma sindikudziwa chomwe ndalakwa. Ndiuzeni.”

 Akusankhabe nyemba, anafunsa kuti, “Amayi ako sanakuuze za Jonasi?”

Ndinati ndimangodziwa kuti malume a Jonasi anali mphunzitsi, anapita kunja kalekale ndipo sanabwerenso. Ndi zomwe munkatiuza.

Amayi, anandiuza. Akuti inali nthawi ya chipani chimodzi, ine ndisanabadwe. Wina anakawanenera malume chifukwa cha mawu omwe anayankhula pamowa, iwo n'kuthawa. Anthu ovala khaki atawasowa, anabwera kudzatenga alongo awo awiri, inuyo ndi iwo, muli atsikana, kuti mukanene kumene abisala. Akuti lole yake inali ngati yangayi, ndipo mmodzi anamenya chitsulo cha m'mbali kawiri asanakukwezeni. Pabenchi pankakhala a khakiwo, inu awiri pansi, jombo zili pamsana panu.

“Koma kumenyedwa ndinaiwala,” anatero. “Chomwe sindinaiwale ndi tenti. Anaitseka, mdima. Tinadutsa pamsika wa Mponela, lole inaima kaye pamenepo. Tinamva mawu a amayi athu akuitanira malonda a matemba, pafupi ngati apa ndi pakhomo paja. Ankaseka ndi munthu wina. Sanadziwe kuti ana awo ali m'menemo, ndipo ife sitinayerekeze kutsokomola.”

Munabwerako patapita masabata. Zomwe zinachitika kumene anakutengeraniko sananene, ine sindinafunse.

Ndinakhala pansipo ndikukumbukira mmene munkakanira matola. Galimoto iliyonse yofunditsidwa kumbuyo ikaima, inu munkati, “Pitani, miyendo ndili nayo,” n'kuyenda wapansi kuchokera kuchigayo thumba lili pamutu. Ife ana tinkakusekani kuti ndinu oumira. Ine ndi amene ndinkaseka kwambiri.

Ndinawauza amayi aang'ono kuti loleyo ndiigulitsa, kapena ndiidula ndi moto ikhale zitsulo. Anandiyang'ana kumaso koyamba chifikire. “Usachite zamisala. Ndiperekeze ndikaione masana, ndili ndi nsapato zanga kuphazi.”

Tinapita ku Malaga pa galimoto yathu, Misozi ndi mwana ali kumbuyo. Kushedi tinapeza Trevor yekha akupala dzimbiri. Amayi aang'ono anaizungulira lole ija pang'onopang'ono, anagwira tayala, anasuzumira pampando wa dalaivala. Anati ntchito ndinagwira, manja ndili nawo. Atafika kumbuyo anakoka chingwe cha tenti ndi zala ziwiri. “Chotsa ichi. Galimoto ilibe mlandu. Koma amene wakwera kumbuyo azioneka.”

Trevor ataona ndikumasula zingwe anabwera msangamsanga, akuti popanda tenti loleyo sikhalanso yeniyeni, ndipo pa chionetsero sadzaiwerengera. Ndinamufotokozera mwachidule m'Chingerezi. Mdalayo anayang'ana amayi aang'ono, anapukuta manja ake pa ovolosi, n'kupita kukatenga makwerero. Tinaitsitsa awiri, yolemera ngati chikopa cha ng'ombe chonyowa, ndipo tinaipinda n'kuiika pashelefu ya pamwamba. Lole inatsala ndi nthiti zokhazokha, kuwala kukulowa mpaka pansi pa mabenchi. Kunena zoona yanyansa, ndipo mtima unandipweteka pang'ono. Ndikuchita manyazi kuti unandipweteka.

Lamulungu lapitali anamutcha mwana dzina. Tinaitana mabanja ochepa a kwathu, ena ochokera ku Bentley, ana a sukulu ya ukachenjede omwe sakana chakudya. Amayi aang'ono anamunyamula n'kunena kuti, “Uyu ndi Naliyela.” Ine ndinadabwa, chifukwa dzinali sindinalimvepo pamtundu pathu. Akuti ndi lanu la paubwana, lomwe munalisiya pobatizidwa. Akuti ndi lomwe ankakunong'onezani mumdima muja kuti adziwe ngati mukupumabe. Tikiti sitinasinthe, akhala mpaka mwana atalimba khosi. Ayambanso kundikalipira chifukwa cholowa ndi jombo m'nyumba, ndipo sindinasangalalepo chonchi ndi kukalipiridwa.

Ndikanakonda kalatayi ikanathera pamenepa. Koma alendo atapita, tikutsuka mbale, ndinawauza kuti chikhala kuti muli moyo ndikanakutumizirani zithunzi za mwana pafoni, monga ndinkachitira ndi za lole nthawi yomwe munkadwala. Pajatu ndinkatumiza chilichonse, chitseko ndikachiwongola, benchi ndikaikhoma, penti ndikapaka. Ndinkati ndikukusangalatsani muli pamphasa.

Amayi aang'ono anaika mbale pansi. “Zithunzi zako zija ndinkafufuta ndine,” anatero. “Zikafika, amayi ako ankatembenukira kukhoma, tsiku limenelo osadya. Ndinati ndimuuze mwanayu asiye. Iwo anandiletsa. Anati musiye, ali kuchilendo, wapeza chomusangalatsa.”

Ndinatsegula foni n'kubwerera m'mbuyo mpaka pa mauthenga anu. Alipo onse. Pansi pa chithunzi chilichonse pali mawu anu ojambulidwa, otopa, ofanana: “Yakongola, mwanawe.” Ndawamvetsera onse umodziumodzi, ndipo tsopano ndikumva momwe munkapumira musanayankhule.

Pepani, Amayi. Ndilibe mawu ena oposa amenewa. Munandilera osandisenzetsa katundu wanu, ine n'kumakutumizirani katundu yemweyo nditamupaka penti.

Tenti ija sidzabwereranso pa lole ine ndili moyo, ili ndi lonjezo langa. Takondwa ndamuuza kale zonse, m'Chichewa, ndipo sanayankhe m'chinenero chilichonse. Naliyela akadzakula ndidzamuuzanso, kuti adziwe mwini dzina lake. Mupereke moni kwa malume a Jonasi ngati munawapeza kumeneko.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa girisi m'manja uja,

Yamikani