Nsalu Ija Ndaichotsa pa Galasi

Bambo a ana,

Mukapeza kuti ndachokapo, mtima usakhale m'mwamba. Sindinagwe, sindinakomoke, ndipo mankhwala a m'mawa ndamwa. Ndapita kokameta ndi mlamu wanu, walonjeza kundigwira mkono njira yonse.

Nsalu ija munaphimbira galasi la kuchipinda tsiku lomwe ndinatuluka m'chipatala, n'kumati mukuopa fumbi, ndaichotsa. Fumbi lakelo ndaliona: mutu wometedwa mbali imodzi, chipsera cha opaleshoni chochokera pakhutu kukafika paliwombo, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala. Ndinakhala pabedi n'kulira. Nditatopa nako kulirako, ndinamuimbira foni mlamu wanuyo kuti adzanditenge.

Pepani, pokoka nsaluyo dzanja lamanzere lija linandikana, ndiye ndaswa botolo lanu la mafuta onunkhira. Ndasesa, koma mukudziwa kuti diso langali silionabe bwino za kumanzere. Musalowemo opanda nsapato, ndipo ana asapondemo musanasesenso. Chabwino chake n'chakuti kuchipindako kukununkhira ngati kwa akwati.

Ndikudziwa kuti munachita zimenezi pondikonda. Koma adokotala anati kuchira kwake n'kwa pang'onopang'ono, ndipo sindingathe kumangomva za nkhope yanga kwa inu, amene mumandiuza kuti ndikuoneka bwino maso ali pakhoma. Ndibwera ndi mpala, mutu wonse. Galasilo musaliphimbenso. Ndikamalowa pakhomo mundiyang'ane pachipsera penipenipo. Misozi ikabwera isiyeni ituluke, koma musayang'ane kumbali.

Ndine mkazi wanu yemwe uja.