Foni Yawauza Amayi za Mwendo Wanu

Kabwata, Lusaka
9 Okutobala 2024

Okondedwa ba Gilson,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni. Ife kuno tilipo, kungoti kwatentha ndipo magetsi akumabwera ngati mlendo.

Chinsinsi chathu chaululika, ndipo wachiulula si munthu. Chichitireni khungu amayi ndi matenda a shuga, maso awo ndakhala ine. Mukatumiza chithunzi ndimakhala nawo pakhonde n'kumawafotokozera. Zaka ziwiri zimene zapita chidulidwireni mwendo wanu pangozi ija, ine ndakuimiritsani, ndakuyendetsani, tsiku lina ndinakuvinitsani paukwati. Munapempha ndinu kuti asadziwe, poopa mtima wawo. Koma inu simunkavutika n'kubisa njinga yanu ya olumala pazithunzi, poti amayi saona. Ntchito yonse ya bodza munandisiyira ine.

Sabata yatha ba Emmy, anzawo a kutchalitchi amenenso saona, anawaikira pafoni pulogalamu imene imayang'ana chithunzi n'kunena yokha mokweza zimene zilipo. Imalankhula Chingerezi, koma musaiwale kuti amayi anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu. Poyamba tinaseka nayo, chifukwa galu wa aneba inati ndi mbuzi. Ndinadzilimbitsa mtima kuti chinthu chosasiyanitsa galu ndi mbuzi sichingandigwire bodza.

Lachitatu la sabata yomweyo, pochokera kumsika ndinawapeza atakhala, foni ili m'manja. Anali atafika pachithunzi chanu cha Khirisimasi, chija ndinawauza kuti mwaima pafupi ndi galimoto. Foni inati mwamuna wakhala panjinga ya olumala, akumwetulira. Anaibwereza kanayi ine ndili chiimire pakhomo, ndiwo zili m'manja.

Ndinayesa kunena kuti makina amalakwitsa, n'kuwakumbutsa za mbuzi ija. Anandidikira ndimalize, kenako anati, "Febby, foni ikalakwisa siiziba. Manje iwe unali kuziba." Zoonadi, ine ndinkadziwa kuti ndikuwanamiza.

Sanakalipe, ndipo sanalire pamaso panga. Anangodutsa zithunzi zanu zonse, chimodzichimodzi, mpaka foni inazima. Kuyambira tsikulo sandifunsanso kanthu. Dzulo anajambula botolo la mankhwala awo kuti foni iwauze kuti ndi ati, ine nditakhala nawo pamkeka womwewo. Kunali bwino akanandimenya.

Ndatopa, ba Gilson. Ndivomerenso kuti sindinkanama chifukwa cha inu nokha. Kunama kunali kophweka kusiyana n'kuwaona akulira, ndipo ndinkasangalala akamaseka nkhani za mwana wawo wovina. Tsopano pakhomo pano mawu anga alibe ntchito, ngakhale nditati kunja kwachita mitambo.

Chonde aimbireni Lamlungu akachoka kutchalitchi. Muwauze nokha zonse, za ngoziyo, za kuchipatala, ndi za amene anayambitsa kubisa. Ine sindidzakufotokozaninso kwa iwo.

Ba Mathias, alamu anu, akupereka moni, ndi ana onse. Mundiperekere moni kwa alamu anga kumeneko. Amayi ndinawafunsa ngati ali ndi mawu, ndipo anati, "Umuuze atume chithunzi chooneka thupi yonse. Nifuna kumvela mwana wanga mwamene alili."

Ndalemba monga momwe anenera. Anenanso kuti ndisamate msanga kalatayi, aijambule kaye foni iwawerengere, atsimikize kuti sindinasinthe mawu awo. Akudikira pakhonde.

Ndine mlongo wanu,
Febby