Amayi, Jekete Ija Yakwana

Amayi, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Zaka ziwiri zoyambazo sitinalembe kanthu m'nyuzipepala, koma musatiyese ana osayamika. Tinalibe nkhani yabwino yoti tikuuzeni, ndipo inu simunkakonda munthu wobwera ndi madandaulo okhaokha. Chaka chino nkhani ilipo. Abale andituma ine, mwana wanu woyamba, amene munandisiyira shopu ya utelala, makina osokera ndi phokoso lake lonse.

Chithunzi chili pamwambachi tinachita kukanganirana. Abambo ankafuna chija munakhala pampando mwaulemu, manja ali pamiyendo ngati mlendo. Ife ana tinakana, chifukwa mayi wofatsa ameneyo sitikumudziwa. Tasankha ichi muli ndi tepi m'khosi, mapini pakamwa, diso limodzi pa nsalu, lina pa wojambula. Ndinu nokha amene munkatha kukalipira munthu mapini ali pakamwa osameza ndi imodzi yomwe.

Makasitomala anu akukukumbukiranibe, makamaka chifukwa cha khalidwe lija linkawatopetsa. Chovala chilichonse munkachisiyira nsalu yambiri m'misoko, yopindidwira mkati. Atsikana ofuna madiresi othina ankanyinyirika kuti mukuwalemeretsa m'mbali. Inu munkangolavulira mapini m'dzanja n'kunena kuti, "Ine ndimasokera anthu awiri, wa lero ndi wa mawa. Wa lero ndamuyeza ndi tepi. Wa mawa akumudziwa ndi Mulungu, ndiye ndimusiyire malo." Ife ana anu tinazunzika nawo mawu amenewa. Ine ndinavala diresi limodzi la sukulu mpaka anzanga ankandizindikira ndili kutali. Ndikati lachepa, inu munkangotenga lezala, kutsegula msoko, ndipo diresi lomwe lija linkabwerera pathupi panga likundiseka.

Koma nkhani ya lero ndi ya mwana wanu wotsiriza, makaniko uja, Dramu. Dzinali anamupatsa ndi abambo ali wamng'ono, poona kuti ndi wozungulira bwino ndipo chilichonse chimene mungathiremo sadzaza. Munamusiya akudwala chifuwa chachikulu, chija chokana mankhwala. Mukukumbukira mmene chinamudyera. Munthu amene ankanyamula injini ndi mnzake mmodzi anayamba kupumira panjira popita kubafa. Abambo ankatenthetsa msomali n'kumuboolera lamba, bowo lina pambuyo pa linzake, mpaka lambayo anayamba kumuzungulira kupitirira. Anthu a mumsewu mwathu anachita manyazi kumutchula Dramu, nayamba kumuitana dzina lake la ubatizo, motsitsa mawu. Inu munakana zimenezo. Munkalowa m'wodi n'kufuula kuti, "Dramu, dzuka udye!" odwala ena n'kumasuzumira kuti aone chimunthu chimene chikuitanidwacho.

Ndiye tsiku lina masana, atamutulutsa m'chipatala kuti azikamwera mankhwala kunyumba, munatsegula sutikesi yanu n'kutulutsa nsalu yabuluu wodera, ija munkaisunga pansi penipeni ndipo simunkalola aliyense kuikhudza. Munalowa kuchipinda kwake ndi tepi n'kumuyeza ali chigonere. Mkazi wake, mpongozi wanu, ataona zimenezo anatuluka n'kukalirira kuseri kwa nyumba. Amayi osoka nawo pashopu atamva anangoyang'anana, makina onse n'kukhala zii. Tonse tinkaganiza chimodzi. Munthu amene watsala mafupa okhaokha, amene madokotala ayamba kulankhula za iye motembenukira kumbali, akamusokera jekete yatsopano ndiye kuti ndi yokamuyika nayo.

Dramu mwiniwake anakufunsani ndi timawu take totsalira tija kuti, "Amayi, jekete imeneyi ine ndikavala kuti?" Inu munayankha osatukula mutu kuti, "Kutchalitchi, nanga kuti? Ukaimirire kutsogolo uthokoze Mulungu." Ine mumtima ndinati kutchalitchiko akalowadi, koma atanyamulidwa.

Amayi, chimene chinandipweteka si jekete ayi. Chinali choti inu, amene munkatidzutsa m'mawa uliwonse kuti tipemphere, inu amene munkati Mulungu sasiya ntchito yake pakati ngati telala waulesi, ndinkaona ngati mwataya mtima ndipo mukungotibisira. Ndinaganiza kuti ngati amayi agonja, ife ndiye ndani? Jekete imeneyo munasoka nokha. Ine sindinaigwire ngakhale kusita, ndipo inu simunandipemphe.

Kenako zinthu zinatembenuka mmene panalibe amene anayembekezera. Mmawa wina muli pamakina munati mutu ukukupwetekani, munatsamira khoma, ndipo simunadzukenso. Tonse maso anali pa Dramu, imfa n'kulowera khomo lina. Jekete ija Dramu anaivala pa maliro anu, atagwiriziridwa mbali zonse ziwiri. Inamukwana bwinobwino pa thupi lowonda lija, ndipo kukwana kwakeko kunandiwawa. Ndinamva anthu kumbuyo akunong'onezana kuti tisachotse matenti msanga. Titabwerako anaikoloweka m'kabati, kuseri kwa zovala zonse, ndipo panalibe amene ankafuna kuionanso.

Za miyezi yotsatirayo sindikuuzani zonse. Jakisoni anamuphera khutu lakumanzere. Mapiritsi ankamubwerera. Panali masabata amene mpongozi wanu ankagona pa benchi ya chipatala, m'mawa n'kupita kuntchito nkhope itatupa. Ine ndinkapempherabe chifukwa munatizoloweza, koma ndinkapemphera ngati munthu wogogoda pa nyumba imene akuganiza kuti eni ake anasamuka. Amene anatidabwitsa ndi abambo. Mukudziwa kuti zaka zonse za ukwati wanu ntchito yawo pa pemphero inali kunena ameni, nthawi zina mochedwa chifukwa cha tulo. Inu mutapita anatenga malo anu. Mapemphero awo anali aafupi ngati a munthu wofunsa njira. M'mawa uliwonse ankavula chipewa, n'kuima pakhomo la chipinda cha Dramu, n'kunena kuti, "Ambuye, mkazi wanga mwatenga, sindikukanganani nanu. Mwanayu ndiye ndisiyireniko." Akatero ankavala chipewa chawo n'kukaika madzi a tiyi pamoto.

Yankho silinabwere ndi mabingu. Linabwera pang'onopang'ono moti tinatsala pang'ono kusaliona. Tsiku lina Dramu anadandaula kuti ndiwo zachepa mchere, ndipo mpongozi wanu anathamangira kushopu kudzandiuza ngati walandira mphoto, chifukwa munthu wodandaula za mchere ndiye kuti wayamba kumva kukoma. Kenako anayamba kukhala pakhonde. Kenako anayamba kukalipira ana a anthu kuti akupalasa njinga matcheni ali ouma. Lamba uja anayamba kubwerera m'mabowo ake, limodzi ndi limodzi, njira yomwe anadzera. Atamuyeza komaliza dokotala ananena kuti chifuwa chatheratu. Dramu anatembenuza mutu n'kuti, "Adokotala, nenaninso mbali ino, khutu ilo ndi lakufa." Dokotala anabwereza, ndipo iye anawapemphanso kachitatu, ngakhale tonse tinaona kuti kachiwiri kaja anamva.

Panopa anabwerera kugalaja. Amabwera madzulo ali bii ndi oyilo, n'kutsegula mapoto asanasambe m'manja. Tinkalira kuti adye, lero tikubisa chakudya cha ana. Walira mvula walira matope, Amayi, ndipo matope amenewa tikuwaponda mosangalala. Mumsewu ayambiranso kumutchula Dramu mokweza.

Mwezi wathawu abusa anamupempha kuti adzaime kutsogolo athokoze Mulungu pamaso pa mpingo umene unkamupempherera. Iye anavomera, n'kupita kukabati kukatulutsa jekete ija. Tinayesa kumuletsa, osamva. Analowetsa mkono umodzi, n'kulowetsa winawo, basi n'kukanirira pomwepo, manja ali kumbuyo ngati nkhuku yogwidwa mapiko. Ana anagwa nacho chikhakhali. Ifenso tinaseka mpaka misozi, mpongozi wanu akumukoka kuti amuvule. Koma titamuvula tinaona kuti mwiniwake sakuseka. Anakhala pabedi jekete ili pamiyendo n'kundiuza kuti, "Achemwali, amayi anati ndikaime nditavala imeneyi. Ina sindivala."

M'mawa mwake ndinapita nayo kushopu, ndikuganiza zoika zigamba za nsalu ina m'mbali, ngakhale ndinkadziwa kuti ziwoneka zonyansa. Ndinakhala pampando wanu, ndinatenga lezala, ndinatsegula nsalu yamkati. Amayi, inu mukudziwa chimene ndinapeza. M'mbali monse munali nsalu yopindidwa bwinobwino, yokwana chikhatho changa. Kumsana chimodzimodzi. M'mapewa ndi m'mikono momwe. Ndipo pa nsalu yopindidwayo panali mzere wa choko chanu chabuluu, wosafufutika chifukwa dzuwa ndi madzi sizinafikeko. Ndinatenga tepi n'kuyeza. Unali muyezo wa Dramu wakale, wa asanadwale, umene munkaudziwa pamtima.

Ndinaika lezala pansi. Ndani amasiya nsalu yodzafutukula pa chovala chokayika nacho munthu m'manda? Zaka zitatu ndakhala ndikuganiza kuti munagonja, pamene inu munayeza mwana wodwala ndi tepi, n'kujambulira mkati mwana wochira. Mtima wanga umene unali m'mwamba kuyambira tsiku lija munatsegula sutikesi unakhala pansi m'mawa umenewo. Ndinalira kwambiri kuposa pa maliro anu, koma kunali kulira kopepuka. Kasitomala amene anabwera kudzatenga siketi yake anabwerera pakhomo.

Ndinaitanitsa mpongozi wanu kuti adzaone yekha. Anayendetsa chala pa mzerewo n'kuti, "Alamu, ndiye kuti ine kuseri kuja ndinkangodzivutitsa?" Abambo atabwera anavala magalasi, anayang'anitsitsa, n'kungoti, "Ndi iwowo amenewa." Kenako anatuluka panja n'kukaima nthawi yaitali akuyang'ana msewu.

Sitikunena kuti munkadziwa za mawa. Simunali mneneri, munali telala. Ndipo ndaona chinthu china chimene sindinauze aliyense mpaka lero. Pa phewa lakumanzere msoko wanu unakhota, munabwereza kawiri. Inu simunkakhotetsa msoko ngakhale mukucheza ndi anthu atatu. Ndiye ndadziwa kuti nanunso munkaopa, kuti maso anu anali ndi misozi ngati athu. Munkaopa, koma nsalu ija simunaidule. Chikhulupiriro chimene munkatiuza chija ndachimvetsa tsopano ndili ndi imvi zanga, ndipo ndachimvetsera pa mpando wanu womwe.

Ntchito yanga inali yochepa. Ndinangotsatira choko chanu, ndipo msoko wokhota uja ndinausiya mmene unalili. Lamlungu Dramu anaima kutsogolo mabatani onse atatsekedwa. Mawu amene anakonzekera sabata yonse anamuthawa. Anangogwira m'mphepete mwa jekete n'kunena kuti, "Ndine Dramu uja. Mulungu wandibweza. Jeketeyi anasoka ndi amayi." Atatero anayambitsa nyimbo, ndipo chifukwa cha khutu lija anaiyambira pamwamba kwambiri moti amayi a kwaya anavutika kuitsitsa. Panalibe amene anadandaula. Abambo ananena ameni wawo pa nthawi yake.

Tikudziwa kuti ena amene akuwerenga pano ali ndi wodwala wawo m'nyumba, kapena vuto lina limene lawakhalira pakhosi. Sitingawalonjeze kuti zidzatha ngati zathu. Ifenso tinkafuna nonse awiri, inu ndi Dramu, tinalandira mmodzi, ndipo mpando wanu patebulo ukadali wopanda munthu. Koma taona ndi maso athu kuti Mulungu amamva ngakhale pemphero lofooka, la munthu amene akugogoda mokayika. Tikungowauza zimene mukanawauza inu mapini ali pakamwa, kuti asafulumire kudula nsalu pa muyezo wa lero.

Kunyumba onse akukusowani. Abambo amatulutsabe makapu awiri m'mawa, kenako n'kubweza imodzi mwakachetechete. Mpongozi wanu akuti mumukhululukire chifukwa cha mawu amene anakunenerani mumtima tsiku lija. Adzukulu anu akukula, ndipo ayamba kudandaula kuti mayunifomu amene ndimawasokera sachepa. Amayi a pashopu amakutchulani tsiku lililonse makina akavuta. Dramu sanena zambiri, koma jekete saibisanso kuseri, imakhala kutsogolo m'kabati.

Chinthu chimodzi chomaliza, Amayi. Nditasoka pa mzere wanu ndinaona kuti kuseri kwa chokocho kwatsalabe nsalu pang'ono, yokwana chala chimodzi. Sindinaidule. Mmene akudyera mwana wanuyu, tidzaifuna.

Pumulani m'manja mwa Ambuye amene munawadalira. Ife amuna anu, ana anu, mpongozi wanu ndi adzukulu anu sitidzakuiwalani mpaka tidzaonane.