Chala cha Phoebe

Nkhata Bay
14 Ogasiti 1956

Okondedwa amuna anga a Mackford,

Moni wambiri. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi mayi mukukhala nayeyo? Kuno tonse tadzuka, kupatula mwana wanu Phoebe.

Lachiwiri la sabata yatha ndinamupeza kuseri kwa nyumba akukulemberani kalata yondineneza, chinangwa chimene ndinamutuma kukavuula chikuwolera m'madzi. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndalera wa malemu mkazi wanu zaka zisanu ndi ziwiri inu osaoneka, ndipo zandikwana. Ndinagwira chala chake cha mkombaphala n'kuchipindira kumbuyo mpaka chinaguluka polumikizana ndi chikhatho. Sindikubisa, ndinachita dala.

Achimwene anga a Yohane, asodzi aja, anati ndi ntchito yochepa. Anamanga chalacho ndi chingwe cha ukonde n'kumakoka masiku atatu. Phoebe anakomoka kawiri, chala osabwerera.

Kuchipatala dokotala anatikalipira. Anati kukokako ndiko kwaononga. Mutu wa fupa waboola mnofu n'kukodwa ngati batani la malaya, ndiye mukamakoka bowolo limangothina. Chatsala n'kung'amba ndi mpeni kuti awonjole fupalo. Anati pakatha masabata atatu chalacho chiumiratu, komanso sangang'ambe mwana popanda chilolezo cha bambo wake.

Phoebe anandigwadira kuti ndikupempheni mutumize chilolezocho pakalata. Ndinamuuza kuti makalata anu ndakhuta nawo, ndipo imeneyo ikafika ndikolezera moto. Akazi anzanga kumsika amandiseka kuti ndinakwatiwa ndi envulopu. Zimandiwawa, a Mackford.

Ngati chala cha mwana wanu mukuchifuna, bwerani nokha. Mutsike sitima ya Ilala padoko pano ndikuoneni ndi maso angawa, tikapite limodzi kwa dokotala. Masiku mudziwerengere nokha.

Mulungu akuyendetseni bwino. Mundiperekere moni kwa a Paston ndi onse akwathu ali kumeneko.

Zilembo zokhotazi musadabwe nazo. Mukudziwa kuti ine kusukulu sindinapondeko. Amene akulemba ndi Phoebe, ndi dzanja lamanzere, ine ndikunena. Pamene inki yafalikirapo ndi misozi yake. Wapempha pepala lina, ndamukaniza.

Ndine mkazi wanu,
Dinah