Chimene Injini Inagunda

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kuvuta. Kuno ana ali bwino, koma boti lathu lili pamtunda sabata yachiwiri tsopano. Mvula itakokolola zinyalala, mkamwini wanu anagunda chinthu m'madzi, pulopela ya injini n'kuthyoka.

A inshuwalansi akuti amalipira ngati chogundidwacho chili chipika kapena zinyalala zoyandama. Abwera Lachinayi kudzaona injiniyo, ndipo atichenjeza kuti tisaikhudze. Pafomu mkamwini wanu analembapo kuti chipika.

Amalume, chipika sichivala malaya. Chenjezolo linandipeza nditatsuka kale injini, ndipo pa pulopela ndinamasulapo nsalu yobiriwira ya mabatani awiri. Ndinaibisa m'chitini cha singano. Bambo a anawa sanandifunse kanthu, nane sindinawafunse. Chakudya akungochiyang'ana.

Mkazi wa wosoka maukonde wa m'mudzi muno amayenda m'mawa uliwonse kufunsa amaboti ngati amuonera mwamuna wake, amene sanabwerere kunyumba kuyambira tsiku la mvula ija. Dzulo anapumira pakhonde pathu. Ndinamupatsa madzi akumwa, chitini chija chili pawindo kumbuyo kwake.

Inu munagwirapo ntchito kukhoti. Tandiuzani, munthu amene anangotsuka amamutani? Muyankhe Lachinayi lisanafike, ndipo kalatayi musawawerengere amayi.

Ndine mwana wa mlongo wanu.