Wailesi Yopanda Pakamwa

Amayi, kodi mukukhala bwanji uko munapitako?

Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'chikhakha. Ndikuuzani zonse, koma ndiyambe ndi zabwino, paja inu simunkafuna kuti munthu akuchingamireni ndi nkhani yoipa musanakhale n'komwe pansi.

Mlongo wanga Esime wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kamwanako kakayamba kulira anthu onse kuno ku Masongola amadziwa, ndiye dzinalo silinaphonye. Chimanga chaka chino mbozi zinatidyera, koma nandolo wabereka mochititsa kaso. Denga la khitchini lija likudonthabe, ndipo ndikudziwa zomwe mukanandinena.

Masikana anga aja ndikadali nawo, mawailesi akale otola mauthenga a m'mlengalenga omwe munkawatcha zinyalala za Limbani. Masana ndimakonza mafoni a anthu kumsika, koma mtima wanga uli pa zinyalala zomwezo. Mutangotisiya ndinapeza ina pa kaunjika wa zamagetsi, yakufa, mabatire atavundira m'kati. Ndinaitsuka ndi burashi ya mano, n'kuwotcherera mawaya onse omwe anadyeka, kenaka ndinadula kamwendo ka kadiyodi komwe opanga anaikamo kuti izingomva malo ochepa. Itatseguka makutu ndinayamba kuilowetsa manambala m'matchanelo, limodzilimodzi, eriyo n'kupanga ndi waya wa hang'ala. Tsiku lomwe inandipatsa mawu a woyendetsa ndege akutsikira ku Chileka ndinavina ndekha m'nyumba. Inu munkati makutu angawa adzandiitanira mlandu, ine n'kumaseka.

Kuno kumunsi phiri limatchinga, ndiye Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkakwera nayo pamwamba, n'kukakhala pamwala kuseri kwa damu la Mulunguzi. Kumeneko imatola zonse, ngakhale alonda a m'nkhalango akamalankhulana pa mawailesi awo a m'manja aja timati ova-ova. Sindinkabisa ayi. Che Jafali, ogulitsa zipatso za magalagadeya pamsewu aja, ankabwera kudzamvera nawo, n'kumafa ndi phwete alonda akamadandaulirana za njala. Ocheka matabwa nawonso ankandidutsa, matabwa ali pamutu, n'kumamva mawu a alonda akutuluka m'manja mwanga. Ine chitsiru sindinadzifunseko kuti anthu amenewa akuganiza chiyani.

Mukudziwa kuti mng'ono wanga Dalitso ali m'gulu la ochekawo, ndipo paini amene amacheka si yense ali ndi chilolezo. Mwezi watha alonda anagwira anzake ena, sowo ili m'manja, pamalo pomwe iwo ankati palibe amapadziwa. Wina anathyoka mwendo pothawa. Otsalawo anayamba kufunsana kuti waulula ndani, ndipo sanafunefune nthawi yaitali. Anakumbukira munthu wokhala pamwala ndi wailesi ya alonda.

Lamulungu lotsatira, dzuwa lili paliwombo, anandizungulira. Ndisanadzuke n'komwe wina anandikhoma ndi chibonga kumsana, ndinagwa chafufumimba, m'kamwa mutadzaza dothi ndi magazi. Anandikoka miyendo pamiyala mpaka malaya anatha. Wamkulu wawo, bambo wandevu yemwe ndinamukonzerapo foni, anandiponda pakhosi nati, "Aise, aitane anzako aja adzakulanditse. Lankhulatu, ova!"

Ndinayesa kufotokoza, Amayi. Ndinati iyi ndi sikana, imangomva basi, ilibe polankhulira, ilibe batani lotumizira mawu, itseguleni muone. Koma kwa iwo wailesi yotulutsa mawu a mlonda ndi ya mlonda, ndipo ngati mlondayo akumveka kuno ndiye kuti inenso ndimamveka uko. Tsoka sasimba: nthawi yomweyo sikana ija inaima pa tchanelo ya alonda, wina akufunsa mnzake ngati wafika kudamu. Mawu amenewo anandimaliza. Anaiphwanya ndi mwala ndikuona, kenaka nsapato zinayamba kundigwera m'nthiti, kumaso, paliponse. Dzino lakutsogolo ndinalimeza. Ndinamva wina akukuwa kuti, "Katengeni teyala kumsewu! Pa njinga yamoto paja pali petulo!" Awiri anathamangadi. Ndinadzikodzera, sindikubisirani.

Pamenepo mpomwe ndinamuona Dalitso. Nthawi yonseyi anali kumbuyo, osandimenya, osandilanditsa. Anakankha anzake, chikwanje chili m'manja, maso ali psuu. Anati, "Awa ndi achimwene anga, manyazi ake ndi anga. Teyala n'lachiyani? Lalakwa ndi dzanja lomwe limapanga zimenezi." Anandigwira mkono n'kuusanjika pamwala womwe ndinkakhalapo uja, natembenuza chikwanje kuti chigwe ndi kumsana kwake, n'kumenya. Ndinamva zala zanga zikuthetheka ngati nkhuni zouma. Anamenyanso, n'kumenyanso, mpaka dzanjalo sindinathenso kulizindikira. Ndinakuwa dzina lanu, ine bambo wamkulu. Ena mwa anthu aja anayang'ana kumbali, wandevu uja analavula pansi nati zakwana. Teyala likufika linapeza gulu litayamba kale kubalalika.

Anadzanditola ndi Che Jafali, omwe anamva kukuwa ali pamsewu. Anandimanga ndi nsalu yofunditsira zipatso zawo, n'kuimitsa lole ya zipika yomwe inandisiya kuchipatala. Adokotala akuti chala chachikulu ndi chinzake mwina zidzayenda, zinazo zidzauma. Ntchito yanga ndi ya tinthu tating'ono ngati mapira, Amayi. Sindikudziwa ngati ndidzagwirenso chowotcherera.

Apolisi anagwira angapo, ndipo Dalitso ali momwemo poti anthu anamuona akutsika phiri ndi chikwanje chamagazi. Ali pa rimandi. Che Jafali sanaone yemwe anamenya, ochekawo nawo atseka pakamwa. Mboni yatsala ndine ndekha, ndipo mlandu ukulowa Lachinayi. Andiuza kuti ndikangotchula dzina lake, mwana wanuyo akakhala kundende mpaka ana ake kumuiwala nkhope.

Ndili ndi ukali woopsa, Amayi. Masiku ena dzanjali likamaluma m'chikhakhamu ndimafuna akaolere komweko. Dalitso ankadziwa kuti sikana silankhula. Anakhalapo pambali panga ndikuitsegula, anandigwirirapo tochi, anamvera nawo ndege. Bwanji sanawauze? Mwina sakanamumvera, chabwino. Nanga bwanji sanamenye kamodzi n'kulekeza? Kuyambira tili ana wakhala akunena kuti ine munanditumiza kusukulu ndi thukuta lake, kuti manja anga ndi osalala chifukwa ake ndi okhakhala. Pa chikwanje chija panali mawu amenewo, ndinawamva. Komanso fungo la petulo ndinalimva, silinandichokebe m'mphuno. Esime akuti ndigwade ndithokoze kuti Dalitso anandigula ku moto ndi dzanja limodzi. Mkazi wa Dalitsoyo amabwera kudzakhala pakhonde ndi mwana kumbuyo, n'kumapita. Dalitso mwini wake sananditumizireko mawu, opepesa kapena otukwana. Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola, tikamenyana n'kutipatsa mbale imodzi kuti tidyere limodzi. Ndinkaganiza kuti mwambiwo ndi wotonthoza. Sindikudziwa ngati mng'ono wanga anandimenya chifukwa chondikonda kapena chondida, ndipo mwina mwini wakeyo sakudziwanso.

Ndakulemberani kuti mumve kwa ine, musanamve kwa wina. Lachinayi ndikaima m'khoti, ndikalumbira, kenaka ndikanena kuti magazi anali m'maso, yemwe anagwira chikwanje sindinamuone. Ndikanama, Amayi, ndipo ndikudziwa kuti bodza munkalida kuposa umbava. Nkhopeyo ndinaiona bwinobwino, inali pafupi kwambiri ndi yanga. Mphumi wake ndi wanu. Pomwe ankakweza chikwanje analuma mlomo wam'munsi momwe munkalumira inu mukamasenza katundu wolemera. Sindingathe kuimirira pagulu n'kuiloza nkhope imeneyo kuti aitsekere.

Musaganize kuti ndamukhululukira, sindinafike pamenepo. Koma akatuluka ndidzabwera naye kumanda kwanu, afune asafune. Khasu adzagwira ndi iyeyo, adzalambula udzu wonse ine nditaima pambali, ndipo akadzamaliza adzandiuza pamaso panu chifukwa chake sanalekeze atamenya kamodzi. Zimenezo ndikukulonjezani.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kuposa kale.

Ndine mwana wanu,
Limbani