Kathanki ka Kumbuyo kwa Mbaula

Amayi, kaya kukucha bwanji kumene muliko? Ife kuno kudziko la eni, ku Kitengela, tilipo, koma Julayi wa chaka chino watikumbutsa kwathu ku Dedza.

Nkhani yoyamba ndi yakuti muli ndi mdzukulu wina, wamkazi, dzina lake Tadala. Anabadwa masiku asanakwane, kamwana kochepetsetsa, ndipo potitulutsa m'chipatala adokotala anatitsina khutu kuti asazizidwe ngakhale pang'ono. Kumudzi nako achimwene akuti mbatatesi yachita bwino m'dimba lanu lija, kungoti nyemba zinadyedwa ndi mbuzi za eni.

Nyumba imene tinagula kuno tinaipeza ili kale ndi makina a gasi otenthetsa madzi, ndipo madziwo amayenda m'mapaipi kukafunditsa zipinda. Loweruka lina gasi anatha, galimoto yobweretsa wina n'kutsekeredwa mu jamu ya pa msewu wa Namanga. Tsiku lonse ndinakhala nditamubisa Tadala pachifuwa, m'kati mwa malaya, ndikumvetsera ngati akupuma. Ndipamene ndinayang'ana mbaula ya nkhuni ya pabalaza, n'kukumbukira chitini chanu cha madzi chimene sichinkachoka kuseri kwa mafuwa. Paja munkati moto ulibe kumbuyo, mbali zonse umatentha.

Ndinaganiza zomangirira kathanki ka madzi kumbuyo kwa mbaulayo, kuti kazithandizana ndi gasi. Mkamwini wanu, aChifundo, anachita mantha. "Mayi a Tadala, mukufuna kutiphulitsira nyumba?" Sindinawatsutse, chifukwa mantha awo anali oona. Gasi umamuzimitsa ndi chala, koma moto wa nkhuni sumvera munthu, ndipo madzi akawira m'paipi yotseka, imaphulika. Ndinawafotokozera kuti madzi a kumbaula adzakhala ndi njira yawoyawo, yotseguka kudenga kuti nthunzi izituluka, osasakanikirana ndi a kugasi. Mapaipi awiriwo adzangokumana m'thanki yaikulu, ndipo thankiyo ikatentha, gasi azizima yekha.

Amayi, mapaipi onsewo ndinalumikiza ndi manja angawa. Ku ofesi ku Upper Hill ndimangojambula mapulani a madzi pakompyuta, moti zala zinali zitaiwala sipanala. Kuhadiweya, wogulitsa anandifunsa m'Chiswahili kuti fundi wanga, kutanthauza mmisiri, ali kuti. Ndinamuuza kuti akuyankhula naye. Ndinatuluka ndikuseka ndekha, nditakumbukira tsiku limene amalume ananena kuti maphunziro a mapaipi ndi a amuna, inu n'kuwafunsa kuti nanga wotunga madzi pakhomo pano ndi mwamuna?

Mbaulayo tinaiyatsa masana. Moto utangokolera, magetsi anathima, pampu yokankha madzi n'kuima. AChifundo ananyamula mwana n'kukaima pageti. Ine ndinatsala, dzanja lili pa paipi yokwera kudenga. Ndinali nditaipendeketsa dala kuti madzi otentha azikwera okha popanda pampu, koma zimenezi ndinali nditangoziona papepala. Paipi inayamba kufunda m'munsi, kutenthako n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kudutsa padzanja langa. Sinagogode, sinadonthe. Nditalowa kuchipinda kwa Tadala, chitsulo chofunditsa cha pakhoma chinali chitayamba kutentha. Ndinatuluka n'kuwauza kuti, "Bwerani naye, kwafunda." Analowa, anagwira chitsulocho, kenako n'kumugoneka Tadala m'chipindamo. Masiku ano ndi iwo amene amaonetsa alendo mapaipiwo tikachoka kutchalitchi, n'kumafotokoza molakwitsa, ine n'kungowasiya.

Tadala tsopano wanenepa, masaya atuluka, ndipo akamalira amamveka mpaka kumsewu. Ndinalakalaka mukanamuona akusamba, akumenya madzi ndi timiyendo.

Chimodzi chokha chikundiwawa. Achimwene anandiuza pafoni kuti chichokereni inu, abambo amasamba madzi ozizira m'mawa uliwonse, ati safuna kuvutitsa mpongozi wawo. Ku Dedza, Amayi, mwezi ngati uno. Nditawafunsa anangoti azolowera. Tadala akalimba tipita kumudzi, sipanala zanga zili m'chikwama, ndipo sindikabwerako ndisanawamangire kathanki kawo kukhitchini. Inu pumulani, abambo ndiwasamala.

Ndine mwana wanu wokukondani monga kale,
Esinati